Pikapu ikamanjenjemera mukukoka ngolo: mmene mungapezere gwero musanagule sipeya iliyonse

Vutoli limabwera mofanana kwa anthu ambiri. Pikapu ili yokha, mukuzungulira nayo mu Blantyre muno, palibe chodandaula. Tsiku lina mwamangirira ngolo, mwakweza simenti ku Limbe, mwadutsa Kameza, mwapyola Lunzu, msewu watseguka. Singano ya liwiro ikafika pakati pa 70 ndi 90, pansi payamba kunjenjemera. Mpando ukutekesa msana, kagalasi koonera kumbuyo sikakuonetsanso bwino. Mukachepetsa liwiro zikutha. M'mawa mwake mwapita kugalaja mutamasula ngolo, amakaniko aiyendetsa n'kubwerera akunena kuti, "Bwana, galimotoyi ilibe vuto."

Amakanikowo sakunama. Galimoto imene iwo ayendetsa si imene inu munamva ikunjenjemera, chifukwa ngolo ikamangiriridwa pikapu imakhala pansi kumbuyo, propshaft (shafiti yaitali ya pansi, yotenga mphamvu kuchokera kugiyabokosi kupita kumatayala akumbuyo) imasintha mmene yapendekera, injini imakoka mwamphamvu, ndipo pamsewu pamawonjezekera matayala ena awiri kapena anayi. Ndaona anthu akusintha mashoko, kubalansitsa matayala akutsogolo kawiri katatu, kugula ma cross (timitanda tachitsulo ta polumikizira propshaft) atsopano, vuto lili pomwepo. Ndondomeko ili m'munsiyi imayamba ndi zoyesa zaulere n'kumalizira zodula, ndipo mukaitsatira osadumpha mudzapita ku Ndirande kapena ku Ginnery Corner mukudziwa chimene mukukagula.

## Zimene muyenera kukonzekera

- Ngolo yomweyo imene imabweretsa vuto, ndi katundu wolemera ngati amene mumanyamula masiku onse
- Mnzanu wokhala pampando wapambali, ali ndi kope ndi cholembera
- Geji yoyezera mpweya wa matayala
- Tepi yoyezera ndi choko
- Jeke, ma stand (zitsulo zokhazikapo galimoto ikakwezedwa) awiri olimba, ndi zipika zinayi zotchingira matayala
- Tochi yowala bwino
- Sipanala ya matayala, masipanala ena wamba, ndi chitsulo chachitali chopanira
- Gani ya girisi
- Foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera kupendekeka m'madigiri
- Sikelo ya m'nyumba yoyezera munthu, ndi chipika choikapo

Sankhaninso msewu umodzi woyeserapo, wosalala, wathyathyathya, wopanda anthu ambiri. Masauko Chipembere Highway siyoyenera: magalimoto ndi ambiri ndipo simungagwire liwiro limodzi nthawi yokwanira. Mbali zina za msewu wa Zomba mukapitirira Limbe, kapena wa Zalewa mukadutsa Lirangwe, zimathandiza, makamaka m'mawa Lamlungu. Musapitirire liwiro lolembedwa pazikwangwani chifukwa chofuna kuyesa.

## 1. Tsimikizani kaye kuti ngolo sikupepeluka

Pali kunjenjemera ndipo pali kupepeluka. Ngati kumbuyo kwa galimoto kukukokedwa uku ndi uku pang'onopang'ono, ndipo pagalasi mukuona ngolo ikugwedeza mchira, limenelo si vuto la propshaft. Ndi katundu amene wachuluka kumbuyo kwa ekiselo ya ngolo, ndipo limagubuduza galimoto.

Chenjezo: ngolo ikayamba kupepeluka musaponde buleki mwamphamvu ndipo musalimbane nayo ndi chiwongolero. Chotsani phazi pamafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chilunjike, liwiro litsike lokha, muime pamalo abwino n'kusuntha katundu apite kutsogolo. Zina zonse zili m'munsizi muzichite vuto ili litatha.

## 2. Mverani thupi lanu, mnzanu alembe

Apa ndi pamene anthu amathamangira, koma theka la yankho lili pomwepa. Yendani ndi ngolo yodzaza mpaka kunjenjemera kuyambe, ndipo mnzanu alembe mayankho a mafunso awa. Kukuyamba pa liwiro lanji, kukukula pa liwiro lanji, kukutha pa liwiro lanji? Mukukumva kuti, m'manja pachiwongolero, kapena pampando ndi pansi popondapo? Kukukula mukaponda mafuta, kapena mukachotsa phazi? Nanga pokwera chitunda?

Funso lofunika kuposa onse ndi lakuti kunjenjemerako n'kothamanga bwanji. Tayala la pikapu ngati Hilux, Ranger kapena Isuzu limayenda pafupifupi mamita 2.4 likazungulira kamodzi. Pa makilomita 90 pa ola galimoto imayenda mamita 25 pa sekondi, ndiye kuti tayala likuzungulira pafupifupi ka 10 pa sekondi. Kugwedezeka kotere thupi limakumva ngati kududa, ndipo mutha kuona botolo la madzi kapena mpando wopanda munthu ukugwedera. Propshaft imazungulira mwachangu kuposa tayala, pafupifupi kanayi malinga ndi magiya a mu difu (bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo), ndiye kuti kuzungulira ngati ka 40 pa sekondi. Kumeneko maso sakuona kugwedera, mumangomva kung'ung'uza pansi pa mapazi, mkokomo m'makutu, ndi galasi kuchita chimbuuzi. Cross imene yapendekera molakwika imakankha kawiri shafiti ikazungulira kamodzi, ndiye imang'ung'uza mosalala kwambiri kuposa apo.

Choncho kududa kumaloza kumatayala ndi marimu. Kung'ung'uza kumaloza ku propshaft. Chiwongolero chikamavina m'manja, yang'anani kutsogolo. Mpando ukamatekesa, yang'anani kumbuyo kapena kungolo. Kunjenjemera kongobwera mukaponda buleki ndi nkhani ya madisiki kapena madiramu, imene sitikambapo pano.

## 3. Yendani maulendo anayi pamsewu umodzi

Msewu womwewo, mbali yomweyo, liwiro lomwelo. Ulendo woyamba pikapu yokha. Wachiwiri ndi ngolo yopanda kanthu. Wachitatu ndi ngolo yodzaza. Wachinayi ndi umene ambiri sauganizira: masulani ngolo, koma ikani matumba m'bodi cha kumbuyo kwenikweni, mpaka pikapu ikhale pansi mofanana ndi mmene imakhalira ngolo ikamangiriridwa. Kuti mudziwe kuti zafanana, yezani ndi tepi kuchokera pakati pa rimu yakumbuyo kufika pamlomo wa madigadi, ngolo ili yomangirira, kenako muwonjezere matumba mpaka nambala ifike pomwepo. Musapitirire kulemera kumene galimoto imaloledwa kunyamula.

Kuwerenga zotsatira sikovuta. Ngati ikunjenjemera ngakhale ili yokha, pang'ono pokha, vuto lili pagalimoto ndipo ngolo ikungolikulitsa. Ngati ikunjenjemera ndi ngolo yopanda kanthu koma ndi matumba m'bodi ili phee, wolakwa ndi ngolo kapena chokokera. Ngati ikunjenjemera ndi matumba m'bodi popanda ngolo, mwapeza kuti kukhala pansi kwa kumbuyoko ndi kumene kukuyambitsa, ndipo mukayang'ane kwambiri gawo 7 ndi 8. Ubwino wina wa ulendo wachinayiwu ndi wakuti mutha kupita nayo kugalaja ili choncho, amakaniko n'kudzimvera okha.

## 4. Kodi kukutsatira liwiro la msewu kapena la injini?

Gwirani liwiro limene kunjenjemera kumakula, tinene 80, muli mu giya 5. Onani pamene singano ya injini ili. Tsikirani mu giya 4 koma liwiro la msewu likhalebe 80. Injini tsopano ikuthamanga kwambiri, pamene matayala ndi propshaft zikuzungulira chimodzimodzi. Kunjenjemera kukakhala kosasintha, gwero lili kuyambira kumbuyo kwa giyabokosi mpaka kumatayala. Kukatha kapena kusintha kwambiri, ganizirani za injini, mamaunting'i ake, kilatchi, kapena ekizozi imene ikugunda penapake.

Nthawi zina yankho limakhala losavuta kwambiri: mukukoka katundu wolemera mu giya yapamwamba injini ili pansi kwambiri, ndipo dizilo ikamavutika motero imagwedeza galimoto yonse. Kutsika giya imodzi kumathetsa, komanso kumateteza giyabokosi.

Kenako imani pambali, ikani nyutulo, pondani mafuta mpaka singano ya injini ifike pamene inali mumsewu. Mukamva kunjenjemera komweko galimoto itaima, propshaft ndi matayala mwazichotsa pamlandu.

Choyesa chomaliza ndi kuponda kilatchi kwa masekondi ochepa muli pa liwiro lija, galimoto iziyenda yokha. Kukapitirira osasintha, pali chinthu chimene sichinabalanse kapena chapindika. Kukatha nthawi yomweyo mphamvu ya injini itachoka, ganizirani za cross yakutha, kupendekeka kolakwika, kapena maunting'i yong'ambika, chifukwa zimenezi zimaonekera mphamvu ikamadutsa.

Chenjezo: zoponda kilatchizi muchite pamalo athyathyathya, ngolo itamasulidwa ndipo matumba ali m'bodi. Musayerekeze kuchotsa giya pamtsetse muli ndi ngolo. Pachitsetse cha ku Chikwawa injini ndiyo imathandiza mabuleki, ndipo mukaichotsa mabuleki amatentha msanga.

## 5. Matayala onse, kuyambira a ngolo

Matayala a ngolo ndi amasiye. Nthawi zambiri amakhala otsala kugalimoto ina, osiyana kukula, osabalansidwa chiyambire, ndipo ngoloyo imakhala miyezi itaima padzuwa malo amodzi. Tayala lotere likamadumpha, kudumphako kumadutsa m'chokokera n'kulowa mu chasisi, inu n'kumamva pampando ngati ndi difu.

Yezani mpweya m'mawa matayala asanatenthe. Pa pikapu nambala zake zili pachikwangwani cha pachitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto, ndipo akumbuyo amafuna mpweya wochuluka galimoto ikalemedwa. Kenako kwezani tayala limodzilimodzi ndi jeke. Ikani chipika pafupi kwambiri ndi tayala, gwirani choko pachipikapo chitatsala pang'ono kukhudza, ndipo zunguzani tayala ndi dzanja. Ngati choko chikulemba mbali imodzi yokha ndipo mpata ukutseguka ndi kutsekeka mooneka ndi maso, tayalalo silili lozungulira bwino kapena rimu yapindika. Yendetsani chikhatho pamwamba pake. Chotupa kapena malo okhota ngati njoka ndi chizindikiro chakuti mawaya a mkati alekana, ndipo tayala lotero silibalansika, ndi lotaya. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lakale likhoza kukhala ndi mano abwino koma mkati litatha.

Tayala likadali m'mwamba, ligwireni pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Kugogoda kapena kulira ngati kwa mchenga pozungulira ndi bering'i. Mukatsitsa, mangani manati onse, a ngolo omwe.

Nyengo ya mvula yang'anani mkati mwa marimu. Dothi la katondo louma mbali imodzi ya rimu limakwana kugwedeza galimoto, ndipo mankhwala ake ndi madzi ndi kamtengo. Onaninso ngati timitovu tobalansira tidakalipo. Maenje a mumsewu amatigwetsa, ndipo pamene panali kamtovu pamatsala chizindikiro choyera.

Ngati mukukayikira tayala limodzi la pikapu, sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo. Kugwedezeka kukasamuka kuchoka pampando kupita kuchiwongolero, mwaligwira.

## 6. Chokokera ndi kulemera kwa pampira

Gwirani chokokera n'kuchigwedeza mwamphamvu. Mabawuti ochimangirira ku chasisi asakhale omasuka, ndipo pasakhale ming'alu powotcherera. Mpira wa pachokokera wodziwika kuno ndi wa mamilimita 50, ndipo kapu ya ngolo iyenera kukhala yofanana nawo. Mpira wakutha kapena kapu yokula imagogoda nthawi iliyonse mukaponda ndi kuchotsa phazi pamafuta. Onaninso ngati paipi ya ekizozi ikukhudza chokokera galimoto ikakhala pansi. Ndi kanthu kakang'ono koma mkokomo wake umadzaza kabini yonse.

Tsopano yezani kulemera kumene ngolo ikutsamira nako pampira. Tchingani matayala a ngolo, ikani chipika pasikelo, kapu ya ngolo itsamire pachipikapo pa msinkhu wofanana ndi wa mpira. Kulemerako kuzikhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa ngolo yonse, osapitirira nambala yolembedwa pachokokera. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi, kuwonjezapo ngolo yeniyeniyo. Ngati mukuona kuti kutsogolo kwalemera moti anthu awiri sangakutukule n'komwe, musaike pasikelo ya m'nyumba, muiphwanya. Yambani mwasuntha katundu. Kutsogolo kukalemera kwambiri pikapu imagwada ndipo propshaft imavutika. Kukapepuka kwambiri ngolo imapepeluka. Katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo, wochulukirapo pang'ono kutsogolo kwake, womangidwa kuti asasunthe. Ngolo ikamangiriridwa iziima yowongoka, osati mphuno m'mwamba.

## 7. Lowani pansi mukaone propshaft

Chenjezo lisanachitike chilichonse: malo akhale athyathyathya, injini yozima ndi yozizira, matayala otchingidwa ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo, handibuleki yokoka. Ngati mwakweza galimoto, ikhale pa ma stand. Jeke yokha, njerwa kapena miyala sizogonera pansi pake. Pikapu zambiri n'zazitali moti mutha kulowa osakweza n'komwe, ndipo ndi bwino choncho.

Ikani giya mu nyutulo. Ichi anthu amaiwala. Galimoto ikakhala mu giya kapena pa P, shafiti imakhala yopanikizika ndipo cross yakutha imaoneka yolimba.

Yambani ndi ma cross. Gwirani shafiti ndi dzanja limodzi, mbali ina ya cholumikiziracho ndi dzanja lina, potozani uku ndi uku, kenako kankhirani m'mwamba, pansi ndi m'mbali. Mu cross simuyenera kukhala mpata ngakhale pang'ono. Musasokoneze ndi kampata kamene shafiti yonse imazungulira nako pamodzi ndi difu, kameneko kamakhalapo. Walitsani tochi patimakapu tinayi ta cross iliyonse. Fumbi lofiira ngati dzimbiri lozungulira kapu limasonyeza kuti timasingano ta mkati tauma ndipo tikuperesana. Koma dziwani kuti cross imafa m'njira ziwiri: ina imachita mpata, ina imauma gwa. Youma gwayo simungaimve shafiti ili pagalimoto, ndipo ndi imene imapusitsa anthu ambiri. Imadziwika ndi kutentha: mukangoima kuchokera paulendo, yandikitsani dzanja mosamala, ndipo imene yatentha kuposa zinzake ndi yokayikitsa. Kuti mutsimikize, masulani shafiti n'kupinda cholumikizira chilichonse mbali zonse. Chiziyenda mosalala, chisamakodwe pena.

Musanamasule bawuti iliyonse, lembani mzere ndi penti kapena choko pa flange (mbale yachitsulo yomangirapo mabawuti) ya shafiti ndi ya difu, pakati, ndi kugiyabokosi, kuti zibwerere mmene zinalili.

Ma double cab ambiri ali ndi shafiti ya zigawo ziwiri, yogwiridwa pakati ndi centre bearing yokhala mu labala. Kankhani shafiti pafupi ndi pamenepo. Kusuntha pang'ono n'kwachibadwa, koma labala yong'ambika, yolekana ndi chitsulo, kapena yophwa moti shafiti yatsamira pansi, ndi yosintha. Centre bearing yotopa imakonda kugwedeza ponyamuka ndi katundu, pa liwiro lotsika, n'kubweranso ngati mkokomo pa liwiro lalikulu.

Onani polowana shafiti, pamene pali mano otsetsereka olola kuti italike ndi kufupika masipuling'i akamagwira ntchito. Pakhale girisi, pasakhale kugwedera m'mbali. Galimoto ikalemedwa shafiti imagwira ntchito pamalo ena a manowo, ndipo pouma pamakakamira.

Pomwepo yang'anani chinthu chimene chimalakwika kawirikawiri galimoto ikachoka kokonzedwa kilatchi. Pa shafiti wamba, makutu ogwira cross a mbali ziwiri za chigawo chimodzi amayenera kuloza kumodzi. Cross yopendekera siizungulira mofanana, imathamanga ndi kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndipo cross yachiwiri ndi imene imafafaniza zimenezo. Wina akasolola shafiti n'kuibwezera ataphonya dzino limodzi kapena awiri, kufafanizako kumatha. Mashafiti ambiri ali ndi timivi kapena mizere yosonyeza polumikizira. Pukutani dothi muifunefune. Pali magalimoto ena amene anapangidwa dala makutuwo atasemphana, ndiye ngati zizindikiro za kufakitale zikugwirizana, zisiyeni.

Pomaliza yendetsani tochi pachubu chonse. Fufuzani pobonyoka chifukwa cha mwala kapena chitsa, waya kapena thumba lokulungika, matope ouma, ndi malo amene kachitsulo kobalansira kanathothoka, pamene pamatsala timadontho ta powotcherera. Mabawuti a ma flange akhale onse ndipo olimba. Gwedezani flange ya difu m'mwamba ndi pansi. Ikamasuntha, makamaka ngati pali mafuta odontha, ndi mabering'i a pinion (giya ya mu difu imene imazunguzidwa ndi shafiti), ndipo imeneyo ndi ntchito ya munthu wodziwa difu, osati yongomanga nati mpaka kulimba.

Ngati mwapeza cross ya mpata, musakokenso ngolo mpaka itasinthidwa. Yakutsogolo ikaduka pa liwiro, shafiti imagwa n'kuzika mutu mumsewu.

## 8. Yezani kupendekeka, ngolo ili yomangirira

Mukafika pano osapeza kanthu, ndipo ulendo wachinayi uja unanjenjemera, gawo ili ndi lanu. Galimoto iime ndi matayala ake pansi, pamalo athyathyathya. Chotsani foni m'chikwama chake kuti m'mphepete mukhale mowongoka. Muyeza kawiri: galimoto ili yopanda kanthu, kenako ngolo yodzaza ili yomangirira.

Pa shafiti ya chigawo chimodzi mukufuna manambala atatu: kupendekeka kwa giyabokosi, kwa chubu cha shafiti, ndi kwa mphuno ya difu. Chubu n'chosavuta, gonekani foni pansi pake motsatira utali. Za giyabokosi ndi difu, tsamiritsani foni pankhope yosalala ya flange (nkhopeyi ndi yoimirira, ndiye mutenge kusiyana kwake ndi madigiri 90), kapena sunthani galimoto pang'ono mpaka kapu imodzi ya cross ya mbali ya flange iloze pansi, muikepo soketi yaifupi, foni pansi pa soketiyo. Foni iziyang'ana mbali imodzi nthawi zonse.

Kenako chotserani. Mwachitsanzo, giyabokosi yatsikira kumbuyo ndi madigiri 4, shafiti yatsikira kumbuyo ndi madigiri 6, ndiye kuti cross yakutsogolo ikugwira ntchito pa madigiri 2. Difu ikakhala pa madigiri 4 mbali yomweyo, cross yakumbuyo ilinso pa 2, ndipo ziwirizi zikufafanizana bwino. Ngati zinthu ziwiri zapendekera mosemphana, china chotsika china chokwera, muphatikize m'malo mochotsera. Chimene mukufuna ndi chakuti cross iliyonse isapitirire pafupifupi madigiri 3, isakhalenso pa 0 penipeni chifukwa timasingano timafunika kuyenda kuti girisi azizungulira, ndipo ziwirizo zisasiyane kuposa digiri imodzi.

Manambala akakhala abwino popanda katundu koma n'kusiyana kwambiri ngolo itamangiriridwa, ndiye gwero. Kumbukiraninso kuti pokoka mwamphamvu mphuno ya difu imadzuka chifukwa masipuling'i amapotoka, ndipo otopa amapotoka kwambiri. N'chifukwa chake kunjenjemera kwa mtundu uwu kumakula pokwera chitunda n'kuchepa mukachotsa phazi.

Pa shafiti ya zigawo ziwiri ma cross ndi atatu ndipo masamu ake ndi ovutirapo. Yezani zigawo zonse ziwiri, lembani, mupite nazo kwa okonza ma propshaft pamodzi ndi buku la galimoto yanu.

Mankhwala ake amayamba ndi kuchepetsa kulemera kwa pampira, zimene sizifuna ndalama. Kenako masipuling'i. Pomaliza, ngati galimoto inakwezedwa kapena kuwonjezeredwa masipuling'i, pamafunika timphero tachitsulo topendekera pakati pa sipuling'i ndi ekiselo, kapena kutsitsa centre bearing pang'ono ndi kachitsulo koyezedwa.

## 9. Masipuling'i ndi mamaunting'i

Yang'anani tsamba lothyoka, sipuling'i yowongoka kapena yopindikira pansi, mabushi akutha, ndi ma U-bolt (mabawuti okhota omangira sipuling'i ku ekiselo) omasuka. Yezani mtunda wa pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo mbali zonse ziwiri, chiwongolero chili chowongoka. Ukasiyana mooneka, bawuti ya pakati pa sipuling'i ikhoza kukhala itaduka ndipo ekiselo yasuntha.

Panani giyabokosi m'mwamba ndi chitsulo chachitali mukuyang'ana maunting'i yake. Labala yolekana, kapena yofewa chifukwa chonyowa ndi oyilo, imatsitsa mchira wa giyabokosi n'kusokoneza manambala onse a m'gawo 8. Ikakhala yakutha, isintheni musanagule timphero.

## 10. Ya otomatiki ndi ya 4x4

Pa otomatiki pali kunjenjemera kumene kumamveka ngati mwaponda timizere tochenjeza ta pamsewu, kwa masekondi angapo, mukuponda mafuta pang'ono mu giya yapamwamba. Ndi kilatchi ya mu torque converter, cholumikizira injini ndi giyabokosi ya otomatiki, ikutsetsereka pogwira. Kukayamba, tsikirani giya imodzi ndi dzanja kapena pondani mafuta mowonjezera. Kukatha nthawi yomweyo liwiro lisanasinthe, onetsani mafuta a giyabokosi. Akuda ndi onunkha kupsa ndi umboni, ndipo kukoka katundu kumawatenthetsa msanga.

Pa 4x4 onetsetsani kuti muli mu 2H, pamene matayala akumbuyo okha ndi amene amakoka. Pikapu zambiri sizinapangidwe kuti ziziyenda mu 4H, matayala onse anayi akukoka, paphula pouma. Ngati ili ndi mahabu okhoma ndi dzanja, onse awiri akhale pa FREE, chifukwa akakhala pa LOCK shafiti yakutsogolo imazungulira nawo, ndipo ma cross ake nthawi zambiri ndi amene sanaonepo girisi.

## 11. Konzani chimodzi, bwererani pamsewu womwewo

Mukasintha chinthu chimodzi, yesaninso ndi katundu yemweyo ndi liwiro lomwelo, mnzanu alembe. Mukasintha zitatu tsiku limodzi simudzadziwa chimene chinathandiza, ndipo ngati china mwa zatsopanozo chaikidwa molakwika mudzasokonekera kwambiri. Shafiti yopindika kapena yothothoka kachitsulo ipite kwa amene ali ndi makina obalansira mashafiti. Funsani maso ndi maso ngati makinawo alipo, ndipo ya zigawo ziwiri ipite yonse yolumikizidwa.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kubalansitsa matayala akutsogolo okha pamene kunjenjemera kukumveka pampando. Akumbuyo ndi a ngolo ndi amene amafunika kuonedwa.

Kupopera girisi mu cross yakutha n'kuganiza kuti yachira. Imakhala chete masiku ochepa basi. Girisi ndi woteteza cross yabwino, ndipo popopera pitirizani mpaka watsopano atulukire m'makapu onse anayi. Kapu imene sikutulutsa ndiye kuti njira yake yatsekeka. Polowana shafiti pokha musadzaze kwambiri, chifukwa girisi wochuluka amailetsa kufupika.

Kukhoma cross yatsopano ndi hamala pachubu kapena kufinya chubu mu vayisi. Cross imalowa, koma shafiti imatuluka yobonyoka. Kasingano kamodzi kakagwa mkati mwa kapu poika, kapuyo siifika pamalo pake ndipo kilipu siilowa. Musakakamize, tulutsani muyambirenso. Mukamaliza, cholumikizira chizipindika ndi dzanja mosavuta.

Kugula cross poyerekeza ndi maso. Pitani ndi yakale, muyeze kukula kwa kapu ndi utali wake, muonenso ngati makilipu ake ndi a mkati kapena a kunja.

Kudula ndi kuwotcherera shafiti kwa owotcherera mageti ndi mawindo. Ntchito yawo ndi yabwino pa zimene amapanga, koma chinthu chozungulira ka 40 pa sekondi chimafuna makina owongolera ndi obalansira.

Kuwonjezera masamba a sipuling'i kuti pikapu isagwade, osayezanso madigiri. Ikakhala yopanda katundu imaima motukula kumbuyo, ndipo kunjenjemera kumene kunali kwa masiku okoka ngolo okha kumasanduka kwa tsiku lililonse. Masamba owonjezerawo sawonjezeranso mphamvu ya mabuleki, ya matayala kapena ya chasisi, ndiye malire a kulemera amakhala omwe aja olembedwa m'buku.

Kumanga centre bearing mozondoka kapena mopendekera mbali imodzi, kapena kutaya mawashala amene anali pansi pake. Jambulani chithunzi ndi foni musanamasule, ndipo mawashala a mbali iliyonse muwasunge padera.